Ndinkanyamula zitsulo tsiku lililonse, koma thupi linkabwerera m'mbuyo

Kuseri kwa nyumba ina ku Kapata kuli kashedi ka malata akale, mizati yake ya bulugama. Pansi pake pali benchi yowotcherera yokutidwa ndi chikopa cha mpando wa minibasi, mipiringidzo itatu, ndi zolemera zosiyanasiyana. Zina ndi simenti youmbira m'zitini za penti, zina ndi zitsulo zochotsa ku magalimoto akufa. Kumeneko n'kumene ndinaphunzirira kunyamula zitsulo, ndipo n'kumenenso ndinatsala pang'ono kuwononga impso zanga ndili ndi zaka 27.

Ndimagwira ntchito pashopu ina ya holoselo ku Down Shops kuno ku Chipata. Ntchito yanga n'kukweza ndi kutsitsa katundu: simenti, feteleza, shuga, ufa. Ndayamba kutchula zimenezi dala, chifukwa ine ndinkaziiwala. Ndikanena kuti "lero ndapuma," ndinkatanthauza kuti sindinapite kushedi, ngakhale tsiku lomwelo nditatsitsa lole yonse ya matumba a makilogalamu 50. Kwa ine imeneyo inali ntchito chabe, osati masewera. Koma msana ndi ntchafu sizisiyanitsa thumba la feteleza ndi mpiringidzo.

Chaka choyamba zinthu zinkakoma. Ndinkapita kushedi katatu pa mlungu, ndipo pafupifupi mwezi uliwonse ndinkawonjezera kachitsulo. Ndinkadziyeza pasikelo yomwe timayezera soya ndi nshawa pashopu, ndipo ndinachoka pa makilogalamu 64 kufika pa 70. Malaya anayamba kuthina m'mapewa. Anyamata oyendetsa njinga zonyamula anthu pafupi ndi msika anayamba kundiitana kuti "adzitho," ine mumtima n'kumasangalala. Munthu ukangoyamba kumene, thupi limayankha msanga, ndipo umaganiza kuti zidzayenda choncho mpaka kalekale.

Kenako zinaima. Pabenchi, pomwe umagona chagada n'kumakankha chitsulo kuchoka pachifuwa, ndinakakamira pa makilogalamu 80 miyezi ingapo, sikelo nayo osasuntha. Usiku ndinkakhala pafoni kuonera mavidiyo a Ronnie Coleman, amene anapambana Mr. Olympia, mpikisano waukulu wa omanga thupi, kasanu ndi katatu kuyambira 1998 mpaka 2005. Ndinawerenganso kuti Arnold Schwarzenegger ankalowa m'jimu kawiri pa tsiku akamakonzekera mpikisano. Ndinadziuza kuti vuto langa ndi ulesi. Chakumayambiriro kwa Ogasiti ndinasintha zonse: masiku asanu ndi limodzi pa mlungu, m'mawa 5 koloko ndisanapite kuntchito, madzulo ndikaweruka. Pasanathe mwezi ndinawonjezera ndi Lamlungu lomwe, tikachoka kutchalitchi. Chifuwa ndi akatumba a m'manja ndinkazigwira tsiku lililonse, chifukwa n'zimene anthu amaona. Seti iliyonse, kutanthauza ulendo umodzi wonyamula chitsulo mobwerezabwereza osapumira, ndinkaikoka mpaka mkono ukane, mnzanga achite kundichotsera chitsulo pachifuwa.

Chimene sindinaganizire n'chakuti anthu a m'mavidiyo aja ntchito yawo inali imeneyo: kunyamula, kudya, kugona. Sankatsitsa simenti masana. Komanso Schwarzenegger anavomera yekha kuti ankagwiritsa ntchito ma steroid, mankhwala amene amachititsa thupi kuchira msanga kuposa mmene linalengedwera, koma n'kumawononga mtima ndi chiwindi. Ndipo Coleman yemweyo anadzachitidwa maopaleshoni ambiri a msana ndi m'chiuno, moti kuyenda kumamuvuta. Ine ndinkangoona mavidiyo a nthawi imene anali pachimake.

Milungu iwiri yoyambirira ndinkaona ngati zikutheka. Minofu inkakhala yotupa nthawi zonse, ndikadziyang'ana pagalasi n'kumati ndakula. Kunali kutupa kwa minofu yovulala, osati kukula.

Choyamba kuchoka chinali tulo. Izi zinandisokoneza kwambiri, chifukwa nzeru zimati munthu wotopa agone ngati mwala. Ine ndinkafika kunyumba wotheratu, koma ndikagona maso gwa, miyendo ikutentha, mtima ukugunda ngati ndathamanga. Tulo tikabwera, cha m'ma 2 koloko usiku ndadzuka, mpaka atambala. Kenako chilakolako cha chakudya chinathawa. Ine amene ndinkamaliza mitanda itatu ya nsima, umodzi unkandikanika. Chimfine chinandigwira kawiri mwezi umodzi. Kabala kakang'ono kamene ndinadzicheka ndi waya pachala kanatenga nthawi kuti kapole. Chigongono chakumanja chinayamba kubaya mkati, makamaka ndikamagwira chitsulo mwamphamvu kapena kunyamula ndowa yamadzi.

Ndipo mphamvu zinayamba kutsika. Makilogalamu 80 aja, amene ndinkawakankha kasanu ndi kamodzi, ndinayamba kuwakankha kanayi, kenako katatu. Tsiku lina ndinachotsa asanu kuti ndingomaliza seti. Sikelo inabwerera pa 67. Apa m'pamene ndikufuna owerenga aime pang'ono, chifukwa m'pamene pali msampha weniweni. Mphamvu zikatsika, mutu umakuuza kuti ukuchita zochepa, uwonjezere. Ine ndinawonjezeradi maseti. Ndinkathira mafuta pamoto n'kumadabwa kuti bwanji sukuzima.

Mkazi wanga ndi amene anayamba kulankhula. Tsiku lina madzulo mwana wathu wamng'ono anagwetsa kapu ya tiyi, ine ndinamukalipira mpaka anakabisala kuseri kwa chitseko. Si khalidwe langa. Mwana atagona, mayi ake anakhala pamphasa n'kunena motsitsa mawu kuti, "Atate ake mwana, kodi chikukuvutani n'chiyani? Kudya simudya, kugona simugona, kuseka munaleka. Zitsulozi zikukumangani thupi kapena zikukudyani?" Ndinayankha kuti sakudziwa za masewera. Mpaka lero mawu amenewo ndimawamvera chisoni. Panalinso china chimene iye sananene ndipo ine ndinkachita manyazi kuchivomera: chikhumbo cha m'banja chinali chitatheratu. Ndazilemba pano chifukwa anyamata ambiri zikawachitikira amathamangira mankhwala azitsamba a pamsika, osadziwa kuti n'kutopa kwa thupi.

Kushedi kumabwera mkulu wina amene anapuma usilikali, wa imvi koma msana uli chilili. Amabwera katatu pa mlungu, amachita zake mwakachetechete osafika ola, n'kumapita. Tsiku lina anandipeza nditakhala pabenchi, mutu uli m'manja. Anati, "Mphwanga, dzulo unali pano, dzana unali pano. Ukabzala chimanga, kodi umapita m'mawa uliwonse kukafukula kuti uone ngati chamera?" Ndinati, "Achikulire, ndikapuma ndibwerera m'mbuyo." Anandiyang'ana m'manja n'kunena kuti, "Nanga panopa ukupita kutsogolo?" Ndinaseka mwaulemu, koma sindinamvere. Akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera, ndipo anga anagoneradi milungu itatu yokha.

Okutobala kuno mumamudziwa. Dzuwa limaswa mtengo, malata amatentha ngati chiwaya, ndipo ndi nthawi imene alimi amagula feteleza, choncho kuntchito kumakhala kopanda mpumulo. Loweruka lina tinatsitsa malole awiri. Usiku thupi lonse linkaphwanya, ndinamwa mapiritsi ochepetsa ululu a brufen, monga ndinali nditazolowera milungu imeneyo. Lamlungu masana ndinapita kushedi. Miyendo ndinali nditaisiya nthawi yaitali chifukwa chotanganidwa ndi chifuwa, ndiye ndinati lero ndibweze ngongole yonse. Ndinachita maskwati, aja onjuta ndi kudzuka utasenza chitsulo, maseti khumi ndi awiri, kenako kuyenda chonjuta chitsulo chili paphewa kuzungulira bwalo, mpaka miyendo inayamba kunjenjemera ngati ya mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene. Madzi ndinali ndi kabotolo kamodzi kakang'ono.

Lolemba ntchafu zinali zitatupa ndi kulimba ngati thabwa. Ndinkadziwa kuwawa kwa pambuyo pa masewera, kumene kumayamba mawa lake, kufika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenako n'kuzilala. Uku kunali kwina. Mawondo sankapindika. Kuchimbudzi ndinachita kugwira khoma ndi manja awiri. Lachiwiri m'mamawa ndinakodza pang'ono chabe, ndipo mkodzo unali wakuda ngati tiyi wopanda mkaka amene wakhalitsa m'ketulo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikuuyang'ana. Ndinaitana mayi a mwana. Atauona sananene zambiri, anangoti, "Valani, tikupita kuchipatala," n'kutuluka kukaitana njinga yamoto.

Kuchipatala anayamba ndi malungo, chifukwa malungo aakulu nawo amadetsa mkodzo. Sanawapeze. Anandifunsa ngati ndinasamba m'damu kapena mumtsinje, poganizira likodzo. Ndinati ayi. Atayeza mkodzo, kapepala koyezera kanaonetsa ngati muli magazi, koma poyang'ana pamakina oonera tinthu ting'onoting'ono, maselo a magazi sanaoneke mmene kapepalako kanasonyezera. Adokotala anandigwira ntchafu, ine n'kukuwa, ndipo anafunsa kuti, "Bambo, mwachita chiyani ndi miyendo iyi masiku awiri apitawa?" Nditafotokoza, anagwedeza mutu n'kunditchulira dzina limene ndinali ndisanalimvepo: rhabdomyolysis.

Anandifotokozera motere. M'kati mwa minofu muli chinthu chofiira chotchedwa myoglobin, chimene chimasunga mpweya wabwino. Minofu ikaphwanyika yambiri nthawi imodzi, chinthucho chimatayikira m'magazi, n'kukafika ku impso, kumene chimatseka ndi kuwononga tinjira tosefera. N'chimene chinadetsa mkodzo wanga. Kutentha, kuchepa kwa madzi m'thupi, ndi mankhwala ngati brufen kapena diclofenac zimawonjezera ngoziyo, chifukwa mankhwala amenewa amachepetsa magazi opita ku impso. Ine ndinali nditasonkhanitsa zonsezo tsiku limodzi. Anandigoneka, n'kundiika madiripi otsatizana, anamwino akuyeza mkodzo uliwonse umene ndinkatulutsa. Tsiku lachitatu unayamba kuyera. Ndinatuluka impso zili bwino, ndipo ndimathokoza Mulungu ndi mkazi wanga, chifukwa ndikanakhala ndekha ndikanati ndidikire mawa.

Ndisasokoneze zinthu ziwiri. Zimene zinandigoneka m'chipatala zikhoza kugwera ngakhale munthu amene wapita kujimu tsiku loyamba n'kuchita mopitirira muyeso. Koma kutopa kwa miyezi iwiri ndi theka kuja, kusowa tulo, kuwonda, kukwiya, kutsika kwa mphamvu, ndi vuto lina, limene anthu a masewera amalitcha overtraining. Limabwera mwakachetechete. Likakhala laling'ono, kupuma masiku angapo kapena milungu iwiri kumalichotsa. Likakhazikika limatenga miyezi. Langa linatenga pafupifupi itatu kuti ndimve ngati ndine yemwe uja.

Pa nthawi yokhala pakhomo ija ndinawerenga zimene ndinayenera kuwerenga poyamba. Chitsulo sichikulitsa mnofu pa nthawi imene ukuchinyamula. Pa nthawiyo mnofu umatopa, mphamvu imene unasunga imatha, ndipo tiulusi take tina timavulala pang'ono. Chimene chitsulo chimachita n'kuuza thupi kuti katundu wakula, pakufunika kulimbitsa. Kumanga kwenikweni kumachitika pambuyo, ndipo kumapitirira kwa tsiku limodzi kapena awiri, thupi likugwiritsa ntchito zakudya zomanga thupi zimene wadya. Ukabwereranso pamnofu womwewo mwamphamvu ntchitoyo isanathe, mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, kugumula kumaposa kumanga. Zili ngati kuponda pasimenti imene sinaume: tsiku lililonse mmisiri akuyambiranso pomwe anayambira dzulo.

Tulo nato si nkhani yongopumitsa maso. Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9, ndipo m'tulo tofa nato m'mene thupi limatulutsa kwambiri homoni yothandiza kukula ndi kukonza minofu. Ukamagona maola anayi kapena asanu milungu yambiri, testosterone, homoni yachimuna yothandiza kumanga minofu, imatsika, ndipo cortisol, homoni imene imakwera munthu akapanikizika, imasokonekera. Ine ndinkadula tulo kuti ndipeze nthawi ya zitsulo za m'mawa. Ndinkagulitsa chinthu chomanga kuti ndigule chinthu chogumula.

Chigongono chinandiphunzitsa china. Mnofu uli ndi magazi ambiri, umachira msanga. Koma minyewa yolumikiza mnofu ku fupa ili ndi magazi ochepa, imalimba pang'onopang'ono ndipo ikavulala imachedwa kupola. Ntchafu zinachira m'milungu yowerengeka, koma chigongono chinandivutitsa kupitirira theka la chaka, ndipo mpaka pano m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi chimandikumbutsa.

Nditabwerera kushedi, ndinapita kwa mkulu uja n'kunena kuti, "Achikulire, ndabwera mundiphunzitse." Sananditonze. Anandiyambitsa ndi mpiringidzo wopanda kanthu, ine amene ndinkakankha 80. Anyamata ena ankayang'ana, koma ndinapirira. Ndondomeko imene tinagwirizana ndi imene ndikuitsatabe. Ndimapita Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, madzulo okha, osapitirira ola. Mnofu umene ndaugwira mwamphamvu ndimaupatsa masiku awiri ndisanaubwerere. Seti ndimaisiya ndikuona kuti ndikanatha kukankhanso kamodzi kapena kawiri; kufika pokanika ndimachita mwa apo ndi apo, paseti yomaliza. Ikatha milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, ndimatenga mlungu umodzi wopepuka, maseti theka, zitsulo zochepa. Ndipo ndili ndi kabuku ka sukulu momwe ndimalemba zonse. Kabukuko ndi kofunika kuposa galasi, chifukwa galasi limanama koma manambala akatsika milungu iwiri yotsatizana, umadziwa kuti pali chimene chalakwika.

Pambuyo pake ndinadzamva za Dorian Yates wa ku Birmingham ku England, amene anapambana Mr. Olympia kasanu ndi kamodzi kuyambira 1992 mpaka 1997. Iye ankalowa m'jimu pafupifupi kanayi pa mlungu, nthawi yosafika ola, masiku enawo akupuma. Ngakhale iyeyo anang'ambika mnofu wa mkono chifukwa chokakamiza kwambiri. Ndinaona kuti ngakhale pakati pa akatswiri, kuchulukitsa maola sindiyo njira yokhayo, ndipo palibe thupi lachitsulo.

Pa chakudya ndinali wolakwa kwambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Munthu wofuna kukulitsa minofu amafunika pafupifupi magalamu 1.6 a puloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Kwa munthu wa makilogalamu 70, ndi magalamu 112. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6. Ine ndinkadya mazira awiri m'mawa, masana nsima ya repu, n'kumadzitcha womanga thupi. Zitini za ufa wa puloteni za m'mashopu akuluakulu sindingazikwanitse, ndipo ndinapeza kuti sizofunikira. Kapenta wouma ndi nyama ya soya youma, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi puloteni. Nshawa, zimene kuno kum'mawa timalima zambiri, gawo limodzi mwa magawo anayi. Nyemba ndi khobwe nazo zili nayo yambiri. Tsopano m'mawa ndimadya phala lothira nsinjiro ndi mazira, masana nsima ya kapenta kapena nyemba, madzulo soya kapena nkhuku ikapezeka, ndipo m'thumba la ovolosi simusowa nshawa zokazinga. Nsima sindiichepetsa, chifukwa ndi imene imabwezeretsa mphamvu imene minofu yatentha. Wogwira ntchito yamanja amene akuopa nsima kuti aoneke mizeremizere pamimba akudzikumbira dzenje.

Chinthu china chimene ndinaphunzira n'chosavuta ndipo sichilira ndalama. Ndikangodzuka, ndisanatsike pabedi, ndimaika zala ziwiri pamtsempha wa padzanja n'kuwerenga kugunda kwa mtima kwa mphindi imodzi. Kwanga kumakhala cha m'ma 60. Ndikaona kuti kwakwera ndi 8 kapena 10 masiku atatu otsatizana, tulo tikuvutanso, ndipo chitsulo chimene ndimachidziwa chikulemera mwachilendo, mlungu umenewo ndimapuma. Sindidikira kuti chigongono chiyambe kulankhula. Koma ngati kutopa sikuchoka ngakhale wapuma milungu iwiri, kapena ukuwonda, kutuluka thukuta usiku, kutsokomola, usangoti ndi zitsulo. Malungo, kuchepa kwa magazi, shuga, TB ndi HIV nazo zimayamba ndi kufooka, ndipo kuyezetsa n'kumene kumasiyanitsa. Mkodzo ukada ngati tiyi kapena kokakola pambuyo pa masewera, minofu itatupa ndi kuwawa modabwitsa, limenelo si la mawa. Pita kuchipatala tsiku lomwelo, uwauze zonse zimene unachita ndi mapiritsi amene unamwa.

Chimene chinandipweteka mtima, komanso kundisangalatsa, n'chakuti patatha miyezi isanu ndi itatu ndikupita katatu kokha pa mlungu, ndinakankha makilogalamu 90 pabenchi, ndipo sikelo ya pashopu inaonetsa 73. Zimene ndinazifuna ndi masiku asanu ndi awiri n'kuzitaya, zinabwera ndi masiku atatu. Tsiku limenelo nditafika kunyumba, ndinakhala pansi n'kupepesa kwa mayi a mwana chifukwa cha mawu aja akuti sadziwa za masewera. Anangoti, "Ndinkaona munthu wanga akutha, basi," n'kundipatsa madzi osamba m'manja.

Kushedi kwabwera anyamata atsopano, ena ochokera ku Mchini ndi ku Navutika, ambiri ogwira ntchito zolemetsa ngati yanga: oumba njerwa, oyendetsa njinga kukwera zitunda za m'tauni muno atanyamula munthu ndi katundu wake. Funso loyamba limene ndimawafunsa si lakuti akufuna kukankha zingati, koma lakuti masana anyamula chiyani ndipo usiku agona maola angati. Ena amamva, ena amaseka mwaulemu monga ndinasekera ine. Okutobala akayandikira, malole a feteleza akayamba kufika, ine ndimachepetsa n'kumapita kawiri kokha, ndipo maskwati olemera ndimawasiya mpaka mvula itagwa. Chigubu cha malita awiri ndimachidzaza m'mawa ndi masana, ndipo brufen m'nyumba mwathu simupezekanso.